Kasikuta n'kabwino, koma funsani kaye Khwekhwerere

Ku Mtakataka aliyense amene wapeza kangongole akufuna njinga yamoto, ndipo ena maso ali pa kasikuta, kaja ka matayala ang'onoang'ono kosasintha magiya. Kamamwa petulo pang'ono, izi sitikana, makamaka mafuta akasowa, a m'chigubu n'kumagulitsidwa ngati mankhwala a m'maso.

Pa M5, popita ku Mua kapena ku Golomoti, kamayenda mwaulemu ndithu. Koma kodi ndi angati amene khomo lawo lili pa phula? Patukani kulowera kunyanja, mchenga ukulonjereni. Dzinja likafika, timatayala tija timatitimira m'matope, bwana n'kutsika kumakankha, ana a sukulu akuombera m'manja. Tsiku lopita ku boma ku Dedza ndiye musanene: chitunda cha Khwekhwerere sichimva chisoni ndi injini ya 50cc.

Wogulitsa sakuuzaninso kuti kuno njinga sikhala ya munthu mmodzi. Apongozi afuna kuchipatala cha Mua, alamu ali ndi thumba la chimanga lopita kuchigayo, ndipo kukana n'kuputa mlandu. Akabaza sanapuse posankha Lifo ndi King Lion: matayala aakulu, kaliyala wolimba, makaniko aliyense wa pansi pa mtengo amazidziwa.

Ngati mumagwira ntchito m'mbali mwa phula ndipo abale ali kutali, gulani kasikuta. Enanu tengani ya 125cc, muilembetse, mugule helemeti. Paja apolisi amaphunzirira ntchito konkuno ku Mtakataka.