Mphwanga ali pamadzi, ine ndili pachulu

Kuno ku Ntaja ulemu wa munthu amauyeza poona kumene kuli m'bale wake. Amene ali ndi mwana ku Joni amakhala pampando wotsamira. Amene mwana wake ali ku Lilongwe amapatsidwa benchi. Ife amene abale athu onse timakumana nawo kuchigayo m'mawa uliwonse timakhala panjerwa, ndipo tikayankhula pabwalo la bawo anzathu amangopitiriza kutakata osadzutsa mutu.

Ine ndidachoka panjerwa chifukwa cha mwana wa achemwali anga. Mnyamata amene ndinkamutuma machesi uja adalowa usilikali, adakaphunzira ku MAFCO ku Salima, kenaka adamutumiza ku Monkey Bay, kulikulu la asilikali apamadzi a Malawi Defence Force. Uthengawo utangofika ndidapita pakaunjika kukagula chipewa choyera. Akulu adati mwana wa mnzako ndi wako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Nanga uyu wa mlongo wanga weniweni, ine mwini mbumba, ndingalekerenji? Pofika madzulo ndidali nditamukweza udindo ndekha, msika wonse udadziwa kuti mphwanga ndi kaputeni.

Nsanje sigona. Mkulu wina wa pabawo, amene ana ake awiri ali ku Joni, adandifunsa akusisita ndevu: "Achimwene, dziko lopanda nyanja yamchere lingakhale bwanji ndi asilikali apamadzi? Amalondera chiyani kumeneko, usipa?" Bwalo lonse lidafa nako kuseka.

Sindiwaimba mlandu. Nyanja zathu zapafupi ndi Chiuta ndi Chilwa, ndipo Chilwa nthawi zina amapita kutchuthi. Adaphwa mu 1995, adaphwanso mu 2018 mpaka anthu ankafika pachilumba cha Chisi wapansi. Munthu wokulira pafupi ndi nyanja yowoloka ndi nsapato kumapazi sangamvetse kuti nyanja ya Malawi njotalika makilomita opitirira 500, ndipo pena imazama mamita pafupifupi 700. Ndidawauza kuti tsidya lake kuli Tanzania ndi Mozambique, malire amafuna maso. Ndidawakumbutsanso kuti namondwe wa Freddy atavuta mu Malichi 2023, amene ankatola anthu m'mitengo ndi pamadenga kuchigwa cha Shire adali asilikali ndi maboti awo, osati ana a ku Joni ndi ma jekete awo achikopa. Apa ndidaonjeza mphamvu pamawu, ine amene madzi aakulu ndimawaonera pawindo la minibasi powoloka Shire pa Liwonde, nditagwira mpando wakutsogolo ndi manja onse awiri.

Ndidawapatsanso mbiri, poti malume wa kaputeni sayenera kukhala wopanda mbiri. Nkhondo yoyamba yapadziko lonse itabuka mu Ogasiti 1914, Angerezi a kuno ku Nyasaland adaumva msanga uthenga. Kaputeni Rhoades adanyamuka ndi sitima ya Guendolen kupita kudoko la Sphinxhaven, kumene lero kumatchedwa Liuli, ku Tanzania. Adapeza sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, atayikokera kumtunda kuti ayikonze, ndipo adayiwombera nkuyilemaza. Kaputeni wa Ajeremani, amene adali mnzake wa Rhoades wakumowa, adapalasa kabwato ali lunda kudzafunsa ngati mnzakeyo waledzera. Adali asadamve kuti kunja kuli nkhondo. Adamugwira pomwepo. Olemba mbiri ambiri amati kumeneku ndiko kudali kupambana koyamba kwa Angerezi pamadzi pankhondo imeneyo, ndipo mfuti ya Guendolen mpaka lero ili pa Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi.

Mukuona, vuto la netiweki panyanja iyi lidayamba kale. Mjeremani uja adagwidwa chifukwa chosowa munthu womuuza nkhani panthawi yake. Ndidalumbira kuti mphwanga zoterezi sizidzamuonekera ine ndili moyo. Poti pamudzi pathu foni ya WhatsApp idali yanga yokha, ndidadzisankha kukhala mkulu wa zamauthenga pakati pa Ntaja ndi nyanja. Wopikisana naye padalibe, ndipo zotsatira ndidalengeza ndekha.

Ofesi yanga ndi chulu cha m'munda wa chinangwa kuseri kwa nyumba. Pamenepo ndi pomwe netiweki imagwira bwino, malinga uyang'ane kum'mawa ndipo mkono ukweze. Chiswe chimandidziwa.

Pachulu pomwepo ndi pamene ndidaphunzira moyo wa m'sitima, pang'onopang'ono, m'mawu oduka-duka. Ine ndinkayesa kuti mphwanga amakhala ataima kutsogolo kwa sitima, manja m'chiuno, akuloza uku ndi uku. Iye akuti ntchito yaikulu ya munthu wapamadzi ndi kulimbana ndi dzimbiri. Kupala, kupaka penti, kukolopa, kukulunga zingwe, kupukuta mafuta a injini, ukamaliza kumbuyo kutsogolo kwayambanso kuchita dzimbiri. Kulondera amasinthana usana ndi usiku, kotero tulo take sititsata dzuwa, timatsata ndandanda. Pogona mpopanikiza, ukatembenuka mosaganiza bwino mutu umapereka moni kuchitsulo.

Ndiye pali mwera, mphepo ya miyezi yozizira ija. Kuno mwera umangotigwetsera zovala pachingwe. Kumeneko akuti umadzutsa mafunde oti chakudya cha dzulo chimabwerera kudzaona amene adachidya. Wophika amavundula nsima atatangadza miyendo, mphika atautsekereza kuti usathawe. Tsiku lina adandiuza kuti akuona utsi wakuda ukukwera pakati panyanja. Ine ndidatsika pachulu chothamanga kukauza mudzi kuti kwabuka nkhondo. Achemwali atayamba kale kulira, foni idaliranso: zidali nkhungu, tizilombo touluka timene anthu a kumpoto amagwira nkupanga ndiwo.

Chimene chimandipweteka pa udindo wangawu ndi chinsinsi cha usilikali. Funso loyamba la Mmalawi aliyense pafoni ndi lakuti "uli pati?" Mphwanga amangoti, "Ndili kuntchito, amalume." Ndikakakamira amati, "Pamadzi." Tsono munthu ungapite pabawo ndi nkhani yoti pamadzi? Ndimakakamizika kumupezera malo ndekha. Lolemba amakhala ku Likoma, Lachitatu ku Nkhata Bay, Loweruka ku Chilumba. Wina wodziwa zinthu adati njira imeneyo ikufanana ndi ya Ilala, sitima yonyamula anthu yomwe yakhala ikuyenda panyanjapo kuyambira 1951. Ndidamuyankha kuti Ilala imatsata mphwanga pofuna chitetezo.

Akalowa pakati panyanja foni yake imazima masiku angapo, ndipo pamenepo mudzi umadwala. Anganga ake amalota madzi. Achemwali amasiya kudya nsomba, akuti mwina zaonana ndi mwana wawo. Alamu anga amafika m'mamawa kudzafunsa ngati "kwamveka kanthu," koma maso awo amafunsa ngati kwalowa kanthu. Ine ndimatumiza mauthenga motsatizana, onse amangoima ndi kachongi kamodzi. Akayandikira kumtunda amalowa onse pakamodzi: mbuzi yadwala, mbuzi ikupezako bwino, mbuzi yafa, nyama ya mbuzi idakoma.

Ikadzalira foni, mudzi wonse umanditsata kuchulu, ndipo kuyankhula kumayenda mwa ukulu. Ine ndimatsegulira.

"Iwe, uli bwanji kumeneko?"

"Ndili bwino, amalume, kaya inu? Amayi alipo?"

"Alipo, dikira. Yamba walonjerana ndi anganga ako."

Anganga sakhulupirira kuti kachitsulo kakang'ono kangafikitse mawu ku Monkey Bay popanda thandizo, choncho amakuwa molunjika kumpoto. Amafunsa ngati wadya, ngati wavala juzi, ngati kumeneko kwagwa mvula. Munthu ali pakati pa madzi, iwo akumufunsa za mvula. Akatero amalandira alamu, amene moni wawo umatha msanga kuti afike pa mtengo wa feteleza. Kenaka msuweni wa fizi, wina wa malata awiri otsala padenga, wina wa tayala la njinga ya kabaza. Mayi a kunyumba kwanga amandinong'oneza kuti, "Abambo, musaiwale za chambo." Achemwali anga, mwini mwana, amaima pansi pachulu atagwira m'mphepete mwa chitenje kudikira nthawi yawo. Ikafika nthawiyo batire limakhala litatha, kapena mphwanga amuitana kuntchito. Iwo amangoti, "Bola wamveka mawu," nkubwerera kukapeta mpunga.

Mphwanga adandiuza kuti ife tili ndi mwayi. Asilikali a ku Britain oyenda m'sitima zapansi pamadzi, zonyamula zida za nyukiliya, amatha miyezi itatu kapena kuposerapo osaimba foni ngakhale kamodzi, kuopa kuti adani angadziwe pamene ali. Banja limaloledwa kuwatumizira mawu 120 okha pasabata, iwo sayankha, ndipo akuluakulu amayamba awerenga uthengawo nkuchotsamo nkhani zoipa kuti munthu asasokonezeke mutu ali pansi panyanja.

Usiku umenewo ndidatenga kope la mwana kuyesa kulemba uthenga wotero mwa chikwathu. Choyamba landira moni wochokera kwa ine amalume ako. Ngati uli bwino, ife tithokoza Mulungu. Kuno tonse tili bwino, kupatula anganga ako mwendo, alamu chifuwa, azakhali ako mutu waching'alang'ala. Akupereka moni amfumu, akupereka moni ashehe, akupereka moni aphunzitsi ako a Sitandade 5. Mawu 120 adatha ndisadafike ndi pa mbuzi pomwe. Ndipo akadati achotsemo nkhani zoipa ndi zopempha, mphwanga akadalandira deti ndi dzina langa basi.

Makolo athu a nthawi ya Wenela ndi Theba ankapirira kuposa apa. Kalata yochokera kumigodi inkayenda masabata, nkufikira kusukulu kapena kupositi ofesi, woiwerenga nkukhala mwana wa sukulu amene ankadumpha mawu ovuta. Maliro ankamvekera pawayilesi. Koma kalata imeneyo mayi ankaisunga m'chikwama pansi pa mphasa, nkumaiwerengetsa kwa mlendo aliyense wodziwa kuwerenga. Ife tili ndi foni yofikitsa mawu nthawi yomweyo, koma chimene timasunga ndi uthenga wosonyeza kuti ndalama zalowa.

Kenaka mphwanga adabwera kutchuthi. Adatsika basi pa Ntaja atanyamula kachikwama kamodzi, akuyenda motagaza miyendo, poti adazolowera pansi pogwedera. Ndidayang'ana kumbuyo kwake kufuna dengu la chambo.

"Amalume, ine si msodzi," adatero.

Ndidavala chipewa changa choyera nkupita naye pabawo. Anthu adaimirira, mpando wotsamira udatuluka. Mkulu wa ndevu uja adafunsa mwaulemu: "Akaputeni, sitima yanuyo mumayendetsa bwanji?"

"Amayendetsa ndi akuluakulu, bambo. Ine ndimapala dzimbiri."

Ndidafotokozera bwalo kuti ku usilikali amawaphunzitsa kubisa udindo, ndipo yankho limenelo ndi umboni woti mnyamatayu ali pamwamba kwambiri. Ena adagwedeza mutu movomereza. Ena adagwedeza mbali inayo.

Masiku otsalawo adawathera pakhonde la amayi ake, akusenda chinangwa, akuwafotokozera za mwera, za anzake a ku Karonga ndi Nsanje amene amagona nawo chipinda chimodzi, za usiku umene adavuula asodzi amene bwato lawo lidagubuduzika. Nkhani zimenezi ine mkulu wa zamauthenga ndidali ndisadazimvepo. Nditadandaula, adandiyankha mofatsa: "Simudandifunsepo, amalume. Mumafunsa kuti ndili pati ndi kuti mwezi utha liti."

M'mawa wa tsiku lonyamuka adatulutsa kabokosi m'chikwama nkupereka kwa amayi ake. Foni yatsopano. Adawasonyeza pokanikiza kuti ajambule mawu, nkuwauza kuti aziyankhula chilichonse, nthawi iliyonse, iye azidzamvera akapeza netiweki. Chichokereni, achemwali amakwera okha pachulu changa, popanda kalata yopempha chilolezo. Amamuuza mwana wawo za nkhuku yaswa, za mpunga wacha kudambo, za maloto a anganga. Iye amayankha usiku akaweruka, mawu ake akumveka pamodzi ndi injini. Alamu ndi feteleza wawo tsopano amadzera kwa achemwali, ndipo kumeneko pempho limafa lisadakwere chulu.

Wina angaganize kuti udindo wanga watha. Ameneyo sadziwa ndale. Pamudzi pano sola ndi yanga yokha, ndipo foni ya achemwali imadya moto tsiku ndi tsiku. Akabwera nayo kudzatchaja ndimawapatsa mpando, ndimafunsa mwaulemu kuti mwana akuti bwanji, madzulo nkhaniyo ndimakaitula pabawo nditaithira mchere. Ndachoka ku unduna wa zamauthenga, ndapita ku unduna wa zamagetsi, ndipo sabata yamawa, mphwanga akapitiriza khalidwe labwinoli, ndikuganiza zomukweza kukhala jenerale.