Injiniya wa ku Balaka pa nyanja ya Chilwa

Ife a ku Balaka madzi timawadziwira pa mjigo, ndipo ambiri timawaonera pawindo la minibasi poloka Shire pa Liwonde. Koma ukangolumikiza wailesi ku batire la sola, mudzi wonse umakutcha injiniya, ndipo ine ulemu sindikana. Ndiye alamu anga a ku Mposa, ku Machinga, atandiitana kuti ndikawaikire getsi lounikira patali m'boti lawo la thanga, ndinanyamuka pulayazi ili m'thumba lapachifuwa kuti aliyense aione.

Zida zinali nyali yakutsogolo ya galimoto yakufa, ya mawati 55, batire la njinga yamoto ya kabaza ndi mawaya awiri. Wofiira ku pulasi, wakuda ku mainasi, basi. Mwana wa alamu, wa Sitandade 7, anafunsa: "Amalume, nanga fyuzi? Imakhala pafupi ndi batire kuti mawaya akagundana ipse ndi iyoyo, osati boti." Ndinamuyamikira pokhoza mayeso amene ndinamutchera mwadala. Anawonjeza kuti Chilwa ilibe mtsinje wotuluka, madzi ake ndi amchere, choncho mitu ya batire tiipake girisi ndipo batirelo likhale m'ndowa yotseka. Mayeso achiwiri anakhozanso.

Kutada tinauyamba. "Alamu, getsili mumayatsa pang'ono n'kuzimitsa," alamu anandilangiza. Ine kuvutikira getsi kuti ndizikhala mumdima? Ndinaliyatsa molunjika kutsogolo. Kutsogoloko kunali thanga la matumba oyera a feteleza, ndipo kuwala konse kunatibwerera kumaso, ngwee! Maso a munthu amatenga pafupifupi theka la ola kuti azolowere mdima. Anga ndi a alamu ndinawabweza poyambira m'kamphindi.

Nditaliloza kumbali, tizilombo tonse touluka ta boma la Machinga tinabwera kumsonkhano, tina mpaka m'kamwa mwa wapampando. Asodzi a m'zimbowera, tinyumba toyandama tija, anayesa tabwera kudzaba maukonde a matemba. Anandilonjera m'Chiyao ndi m'Chilomwe, natchulanso makolo anga. Alamu anakana kumasulira.

Tsono masamu. Nyali ya mawati 55 pa mavoti 12 imakoka maampu anayi ndi theka, ndipo kabatire ka 7Ah kamangopirira ola limodzi ndi kanthu. Masamuwa ndinawamaliza getsi litafiira n'kuzima, tili pakati pa njedza, mphepo nayo italeka. Alamu anayang'ana nyenyezi ndi mthunzi wa phiri la Chikala, naloza kwathu ndi chibwano, nandipatsa nsungwi yokankhira boti. Nyanjayi ndi yosaya moti inaphwapo mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018, koma usiku umenewo inakana kuti ndibwerere wapansi.

Monga katswiri, malangizo anga ndi awa: gulani getsi la LED losadya moto, ligwireni kunja kwa boti kuseri kwa thanga, unikani gombe kapena chitsa n'kuzimitsa, ndipo musaloze mnzanu kumaso. Alamu akuti malangizowa anawamvapo kwa munthu wina tisananyamuke, koma sindikangana ndi eni boti.

Luso langa analiona ndithu, chifukwa andiitananso. Getsi agwira mwana uja. Ine andikweza udindo: ndiziyang'anira madzi onse olowa m'boti, ndipo chigubu chokapira chadulidwa kale.