Mkamwini ndi chikwama cha kamera

Kwathu kuno ku Chifunde munthu ukangokhala ndi kamera dzina lako la ubatizo limafera pomwepo. Ine ndine aFoto. Ngakhale apongozi anga, amene mwamwambo sayenera n'kunditchula komwe, akamatuma mwana amati, "Kawauze aFoto aja kuti mbuzi zalowa m'dimba." Dzinali silindipweteka. Limandikweza pang'ono pakati pa akamwini anzanga a m'mudzi muno, amene ntchito yawo ndi kufolera nyumba ndi kusoka fodya basi.

Kamerayo ndi Canon yakalekale imene mwana wa mlongo wanga ananditumizira kuchokera ku Johannesburg. Inafika m'katoni ya nsapato pamodzi ndi malenzi awiri, lalifupi ndi lalitali, batire ndi chaja. Nditamuimbira kufunsa za chikwama chake anaseka. "Amalume, ng'ombe ndakupatsani. Khola mumange nokha."

Khola ndinamangadi, la mtundu wanga. Kwa zaka zitatu kamera ndinkaikulunga m'chitenje cha mayi a kunyumba, n'kuiika m'jumbo, jumboyo n'kuilowetsa m'thumba la feteleza, thumbalo n'kulimanga ndi mphira pa kaliyala ya njinga. Dera la alimi a fodya ngati lino matumba a feteleza sasowa, ndipo palibe wakuba amene anayamba wathamangitsa munthu chifukwa cha thumba lopanda kanthu. Ndinajambula maukwati, maubatizo, ziliza, ndi zithunzi za tipo passe za ana olembetsa sukulu mu Januwale, zonse kuchokera m'thumba limenelo.

Zinandithera pa ukwati wina cha ku Mualadzi. M'mawa ndinangotsomphola chitenje pa chingwe mumdima. Nditafika, anthu ali bwalo lonse, ndinagwada pakati n'kuyamba kumasula katundu wanga mwaulemu ngati sing'anga. Chitenje chitatambasuka panatuluka nkhope ya mtsogoleri wa chipani, yaikulu ngati lichero, ikumwetulira. Mwini ukwati anali wa chipani chinacho, ndipo osati wongovota chabe ayi, wa mbendera pa denga. Ng'oma inayamba yaleka kaye. Ndinajambula tsiku lonse, koma pa nthawi ya chakudya mbale yanga inabwera ndi phazi la nkhuku limodzi, chala chapakati chitandiloza.

Usiku umenewo ndinauza mkazi wanga kuti ndikufuna chikwama chenicheni.

"Nanga thumba lija lalakwanji, a Phiri?"

"Silikundipatsa ulemu, Nabanda."

"Ulemu umalowa m'chikwama?"

Sindinayankhe. Mkamwini wanzeru amayankhira kubafa.

Nkhani itamveka, alangizi anatuluka ngati inswa mvula yoyamba. Woyamba anali alamu anga, amene anagwirapo ntchito miyezi inayi pa nyumba yosungiramo fodya ku Tete, ndipo kuchokera pamenepo amadziwa chilichonse, kuyambira matenda a nkhumba mpaka ndale za ku America. Komabe pa adani a kamera ananena zoona. Woyamba ndi fumbi, limene kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa limalowa ngakhale m'botolo lotseka, ndipo likafika m'kati mwa kamera chithunzi chilichonse chimatuluka ndi kadontho pamalo amodzimodzi. Chaka china akwati onse a kuno anali ndi kachipsera pa tsaya lamanzere chifukwa cha ine. Wachiwiri ndi chinyezi cha dzinja, Disembala mpaka Malichi, chimene chimameretsa chuku m'kati mwa lenzi, timizere toyera ngati ukonde wa kangaude, ndipo kunja ungapukute bwanji sitichoka. Wachitatu ndi kugwedezeka. Misewu yathu ya fumbi ukaiyenda pa njinga yamoto, impso zimasinthana malo. Nanga kagalasi?

Pa mankhwala ake m'pamene alamu anandiponya m'dzenje. Anati ndithire mpunga m'thumba la kamera, umayamwa chinyezi. Kaya unayamwa, kaya sunayamwe, makoswe ndiwo anamva uthengawo msanga. Anadya mpunga, natsukuluza m'kamwa ndi lamba wa kamera, n'kumalizira kamphira kamene munthu umagunditsapo diso.

Mphunzitsi wina anandiuza chanzeru: timapaketi ta silika timene timapezeka m'makatoni a nsapato zatsopano ndi m'mabotolo ena a mankhwala. Timeneti timayamwadi chinyezi, ndipo tikakhuta umatiwamba pamoto wochepa n'kuyambanso ntchito. Ndinatolera khumi. Tsoka ilo apongozi anandipeza ndikutiyanika pa chiwaya kuseri kwa nkhokwe. Madzulo Nabanda anaitanidwa. Anabwerako nkhope ili gwa.

"Amayi akuti muwauze kuti tizithumwa ta Azungu timeneti n'tokokera makasitomala kapena akazi."

Ndiye inafika Kulamba. Amene simunapiteko, uwu ndi mwambo wa Achewa tonse a ku Mozambique, Malawi ndi Zambia, umene umachitika Loweruka lomaliza la Ogasiti ku Mkaika, m'boma la Katete, kumene mafumu amakagwada kwa Kalonga Gawa Undi. Mu 2007 kunafika apulezidenti atatu tsiku limodzi, Armando Guebuza, Bingu wa Mutharika ndi Levy Mwanawasa, ndipo akuluakulu a kuno amaikambabe ngati inachitika dzulo. Kwa ife a ku Chifunde ndi pakhomo. Umadutsa pa chipata cha Cassacatiza, kutsidya amati Chanida, kenako Katete uyo. Kwa wojambula, tsiku limenelo ndi kholola.

Pa Katete ndinalowa mu salaula. Zovala ndi katundu wogwiritsidwapo kale ntchito ife timati kalamidade, a ku Malawi amati kaunjika, a ku Zambia amati salaula, koma fungo lake ndi limodzi. Pansi pa mulu wa zikwama za sukulu ndinachiona: chabuluu, chofewa m'mbali monse ngati matiresi, m'kati mwake muli pulasitiki yosalowa madzi, matumba asanu ndi atatu. Pambali panali kathumba kozungulira, kokhuthala, ndipo lenzi langa lalitali linalowamo ngati anachita kuliyeza. Munalinso kamphasa kopinda. Ndinati eya, apa m'poyalapo zida posintha malenzi kuti zisagunde dothi. Kutsogolo kunali chithunzi cha kabakha kachikasu, ndipo ndinadziwa kuti chimenecho ndi chizindikiro cha kampani.

"Bwana, muli ndi diso," anatero wogulitsa. "Zimenezi amanyamula atolankhani a ku Ulaya."

Sindinanenerere n'komwe mtengo. Safunsa anadya phula.

Ku Mkaika ndinayenda chifuwa chili patsogolo. Ndinaona amayi akundiyang'ana n'kumagwirana mapewa, ine n'kumati ulemu uja wayamba kulowa m'chikwama. Kenako mayi wina wa ku Dedza, mwana ali kumsana, anandiyandikira n'kugwada pang'ono.

"Pepani bambo, mungandibwerekeko thewera limodzi? Anga andithera."

Ndinati sindikumva. Iye anatembenuza chikwama chake. Chabuluu. Kabakha kachikasu. M'kathumba kozungulira kaja munali botolo la mkaka, ndipo kamphasa kanga ka malenzi iye anakayala pansi n'kugonekapo mwana. Amayi onse a pamenepo anagwa nako kuseka, wina mpaka anachita kukhala pansi. Gogo wina anandisisita pa mkono n'kunena kuti amuna a ku Mozambique ndi achifundo, amathandiza akazi awo kulera.

Fodya atagulidwa chaka chotsatira ndinatenga ndalama n'kukwera chapa wa ku Tete. Ndi ulendo wa makilomita opitirira 250 pa msewu wa N9, womwewu umene mathiraki a ku Zambia amatsikira popita ku doko la Beira. Ndinafika mu Okutobala, mwezi umene ku Tete kutentha kumapitirira madigiri 40 ndipo mbuzi zimayenda mofunafuna mthunzi wa mbuzi zinzake. Ndinayamba ku msika wa Kwachena, kenako m'masitolo a m'tauni, ndipo m'pamene ndinadziwa kuti zikwama za kamera zili ndi mitundu ngati nyemba.

Chilipo cha paphewa. Ubwino wake kamera umaisolola msanga, mkwati asanasiye kumwetulira. Kuipa kwake chimalemetsa mbali imodzi, ndipo ukayenda nacho chaka umayamba kuyenda chopendekeka ngati nkhanu. Pa njinga chimazungulira n'kukakumenya pamimba. Chilipo cha kumsana, chimene anyamata a m'tauni amati moshila. Chimenechi chimagawa kulemera pa mapewa onse ndipo manja amakhala omasuka kugwira mahandulo, koma msana umatuluka thukuta ngati wasenza mwana wa malungo. Lilipo bokosi lolimba lokhala ndi mphira pa chivundikiro, losalowa fumbi ngakhale madzi. Limenelo mtengo wake ndi wa ng'ombe yaing'ono, ndipo ukalinyamula umaoneka ngati wathawitsa ndalama za kubanki. Ndinayesa ichi, ndinayesa icho, n'kubwereranso kwa choyamba, mpaka mnyamata wa m'sitolo anakhala pansi n'kuyamba kusewera ndi foni. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi uja anagwa chagada. Ine ndinagwera pa cha kumsana, chakuda bii, chokhala ndi timakoma tofewa tomata m'kati timene umasuntha kuti chipangizo chilichonse chikhale ndi chipinda chake, ndi kajasi ka mvula kobisika pansi. Ndalama za feteleza wa chaka chimenecho zinachepa ndi thumba limodzi ndi theka.

Ulemu unabweradi, koma unabwera ndi abale ake. Kondakitala wa chapa anati chikwama chotere chimalipira mpando wake. Nditatsika kwathu, ana amene ankandithamangira kuti ndiwajambule anathawira m'chimanga, akuti kwabwera wa katemera. Cha ku Mualadzi, kumene anyamata amakumba golide m'makwawa, awiri ananditengera kuseri kwa baraka n'kumasula kapepala, akuganiza kuti ndanyamula sikelo ndi mpukutu wa mametikali. Nditawaonetsa kamera anakhumudwa ngati ndawabera. Makasitomala anga akale anayamba kujambulitsa pa ngongole, poti munthu wa chikwama chotere sangavutike ndi ndalama ya chithunzi chimodzi. Alamu anabwereka ndalama kawiri sabata imodzi.

Mayeso enieni anali pa chiliza cha mfumu ina kufupi ndi mtsinje wa Luia, kumene kunatuluka Gule Wamkulu. Guleyu a UNESCO anamulengeza mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu onse a pa dziko, koma zimenezo sizitanthauza kuti aliyense angangotulutsa kamera. Umayamba wapempha kwa eni bwalo, n'kuponyapo kangachepe, n'kuuzidwa poima ndi zimene suyenera kujambula. Zonsezo ndinachita. Chimene sindinaganizire n'chakuti chikwama cha kumsana chili kumsana. Kuti utulutse kamera uyenera kuchivula, kuchigoneka pansi, kutsegula zipi yaikulu, kumasula kalamba, kuchotsa chivundikiro cha lenzi. Ndili pa zipi yachiwiri, chilombo chinali chitavina kale, fumbi lili kobo, amayi akuthawa. Nditadzutsa mutu ndinapeza kang'wing'wi waima pamaso panga, akuyang'ana chikwama chakudacho ngati akuchidziwa.

Ndinathamanga, abale. Zipi ili yotsegula. Batire linagwera uku, chaja uko, timapaketi ta silika tinamwazika bwalo lonse, ndipo mawa lake mudzi wonse unagwirizana ndi apongozi pa nkhani ya zithumwa. Pa tsiku lonselo ndinajambula chithunzi chimodzi: thambo, nthambi ya msuku, ndi chidendene changa.

Patapita sabata Nabanda anabwera ndi mawu ofewa, amene ndimawaopa kuposa okalipa.

"A Phiri, tandibwerekani chikwama chija mawa lokha."

Anasuntha timakoma tija, nayalamo gaga pang'ono, n'kuikamo mazira 60. Anakwera njinga yamoto mpaka pa Cassacatiza kukagulitsa kwa amayi ophikira madalaivala a mathiraki amene amagona pa chipata podikira mapepala. Palibe dzira ngakhale limodzi limene linasweka. Kale ankataya asanu kapena asanu ndi limodzi pa ulendo uliwonse. Mawa lokha lija latha miyezi isanu ndi iwiri tsopano. Nditayesa kukumbutsa, anandifunsa modekha kuti fodya amene anagula chikwamacho analimidwa m'munda wa yani. Munda ndi wa kwawo. Nyumba ili pa dothi la kwawo. Ine ndinabwera muno ndi njinga ndi bulangete.

Ndinakatsitsa chabuluu chija pa msomali. Kunena zoona, kamera sinayambe yagonapo bwino chonchi. Chili paphewa, ndiye ndimaisolola msanga. Mvula sichilowa. Pa chapa palibe amene amachiyang'ana kawiri, ndipo tsiku lina ndinachiiwala pa baraka kwa maola atatu n'kuchipeza pomwepo, anthu atachitalikira poopa fungo. Ana akaona kabakha amaseka okha, moti sindivutikanso kuwauza kuti amwetulire. Dzina lokha ndi limene lasintha. Tsopano ndine aFoto a Matewera, ndipo ndimavomera.

Koma mwana wathu woyamba, amene anakwatiwa chaka chatha, ndi woyembekezera. Dzulo ndinapeza Nabanda atanyamula chabuluucho, akuchitembenuza uku ndi uku, akulowetsa dzanja m'kathumba kozungulira kaja ngati akuyeza botolo. Sananene kanthu. Inenso sindinanene kanthu. Ndinangopita kuseri kwa nkhokwe, n'kusankha thumba la feteleza lopanda chibowo, n'kulichapa. Likuuma pa chingwe pano. Chitenje chokha ndidzasankha masana, dzuwa lili pamutu.