Chigubu Chimenechi Chikukusangalatsani, Agogo?

Nzeru yokonza m'nyumba imene yatchuka zaka zino inachokera ku Japan, kwa mayi wina dzina lake Marie Kondo. Buku lake linatuluka mu 2011, ndipo mu 2019 anayamba kuoneka pa Netflix akulowa m'nyumba za anthu a ku America n'kumawathandiza kuchepetsa katundu. Lamulo lake ndi lalifupi: unjika zinthu zamtundu umodzi pamalo amodzi, uzinyamula chimodzichimodzi, ndipo chimene sichikukusangalatsa mumtima uchithokoze chifukwa cha ntchito imene chagwira, kenaka uchichotse. Kwa munthu wokhala m'kanyumba kothina ku Tokyo, kumene malo ndi odula koma sitolo ili pakhomo pomwepo, lamuloli ndi lanzeru ndithu. Zimavuta lamulo lomweli likakwera minibasi, n'kutsikira pa Linthipe, n'kulowa m'nyumba ya mayi wa zaka 84. Kumeneko chimwemwe ndi muyeso wolakwika, ngakhale kuti kukonza m'nyumba kukufunika kumene. Tiyerekeze mdzukulu, timutche Tadala, amene wamaliza koleji, wapeza ntchito ku Blantyre, ndipo wabwera patchuthi ndi mpukutu wa matumba akuda otayira zinyalala. Agogo ake aakazi, aNaphiri, pobwera kudimba apeza katundu yense wa kuchipinda ali mulu pabwalo.

"Mkazi mnzanga, kwagwanji pano? Nyumba yapsa, kapena ndamwalira osadziwa ndiye mwayamba kugawana chuma?"

"Ayi agogo, tikukonza m'nyumba. Katundu wakuchulukirani. Zigubu za mafuta ophikira ndawerenga 23. Mabotolo a Sobo ndalekera panjira kuwerenga. Matumba a feteleza adzaza sutikesi, zitini zinali pansi pa bedi, ndiye pali wailesi ya Nzeru iyi, imene inasiya kulankhula ine ndisanabadwe. Njira yake ndi yapafupi. Nyamulani chigubu ichi, tsinzinani, mumvetsere mtima wanu. Chikukusangalatsani?"

"Mwana iwe, agogo ako aamuna ndinakhala nawo zaka 46, ndipo masiku amene anandisangalatsa ndingawawerenge ndi zala za dzanja limodzi, koma sindinawataye kudzala. Khasu silinandisangalatsepo chibadwire. Mtondo umandithyola msana, mankhwala a BP amandizunguza mutu, ndipo nkhuku ija yakuda timadana kwabasi, koma ndi imene imaikira. Tikatsata lamulo lakoli, m'nyumba muno mutsala shuga ndi wailesi yakufayo, chifukwa ndi yokhayo imene ndikaiona ndimamwetulira. Kodi tidzaphikira m'wailesi?"

Agogo akuseka, komatu alasa penipeni. Munthu amataya chinthu mtima uli m'malo ngati akudziwa kuti mawa akachifuna achigula, ndipo kuti atero pafunika sitolo yapafupi ndi ndalama yosasungunuka m'thumba. Kuno kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anamanga ndalama pakansalu anadzuka atasauka, amene anasunga ndowa anadzuka ali ndi ndowa yomweyo. Chinanso n'chakuti katundu wa kumudzi sakhala ndi ntchito imodzi. Chigubu mafuta akatha chimatunga madzi, chimasunga mbewu ya nyemba kuti anankafumbwe asalowe, chimapita kumaliro ndi thobwa, ndipo chikabooka amachidula n'kukhala chomwera nkhuku. Matumba a feteleza akasokedwa pamodzi amayanikapo ufa kapena kutchingira bafa. Chubu cha njinga chimasanduka malegeni omangira katundu, chitini chimapita kwa mmisiri wokhoma malata n'kubwerako koloboyi, majumbo ana amakulunga mpira. Chitenje chimayamba ndi kutchalitchi, kenaka chimabereka mwana, chimakhala nkhata, chimakhala chigamba, n'kudzathera pophulira mphika pamoto. Chinthu chilichonse chili pa ulendo wake wautali wopita kudzala, ndipo wakutauni akachipeza chikupuma panjira amangoti ndi zinyalala.

"Chabwino, za zigubu ndamva. Nanga mbale 60 izi, ndi miphika itatu yoti mwana angasambiremo? Mumakhala awiri ndi kamnyamata kokutungirani madzi kaja. Mbale zinayi zikukwanani."

"Ndikadzamwalira, anthu adzadyera pafoni yakoyo? Mbalezi si zanga ndekha. Maliro a kwa aNgozo zinagona komweko masiku anayi, chinkhoswe cha mwana wa aNabanda zinapita, kumphakati zimapita mwezi ndi mwezi. Tatembenuza imodzi, uona kadontho ka penti yofiira kunsi, n'kuti zizidziwa njira yobwerera kwawo. Iwe ukuona mbale, ine ndikuona ngongole imene mudzi uno uli nayo kwa ine, moti tsiku langa likadzafika palibe amene adzachite ulesi kubwera ndi nkhuni. Kwanu kutauni mumachita hayala mipando, matenti, mbale, mwatsala pang'ono kuchita hayala olira. Tsono tandiuza, kamalaya kokongolako unagula kuti?"

"Pakaunjika, ku Limbe. Zimachokera kunja, agogo. Anthu kumeneko amapereka zovala zimene sakuzifunanso."

"Zimene zasiya kuwasangalatsa. Ndiye iwo akataya, iwe umatola, n'kulipirapo ndalama, kenaka n'kubwera kuno utavala zotayidwazo kudzandiphunzitsa kutaya. Zanga ndikataya adzagula ndani, mbuzi?"

Funso la mbuzili si nthabwala chabe. M'mayiko olemera munthu akati wataya, chinthucho chimakhala ndi kolowera: galimoto ya zinyalala imabwera pa tsiku lake, masitolo achifundo amalandira zovala, zotsala zimamangidwa m'mabelo n'kukwera sitima kubwera kwa ife. Nyumba yoyera ya uko imatheka chifukwa kuli msika wa kaunjika kuno. Kumudzi kutaya ndi dzenje la kuseri kwa nyumba kapena moto. Pulasitiki saola, akapsa utsi wake umalowa m'chifuwa, ndipo majumbo akauluka mbuzi ndi ng'ombe zimadya n'kutsekeka m'mimba. Ndi mavuto otere amene anachititsa boma kuletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, nkhani imene inakhalitsa m'makhoti. Zigubu 23 zikatuluka m'chipinda sizisowa, zimangosamukira m'munda.

Koma Tadala sanabwere ndi zachibwana zokhazokha, paja mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa. Iye wakoka sutikesi ina n'kuitsekula patali ndi ndodo.

"Tsopano mundimvere inenso, agogo. Bulangete la Chiperoni ili mukuti mukusungira alendo, taonani, makoswe aberekeramo, tiana tawo ndi ito tofiirato. Matayala ndi zitini zili kuseri zija zadzaza madzi a mvula, ndipo tija tikuvinamo tija ndi ana a udzudzu, kenaka muziti malungo akulodzani ndi anthu. Mapiritsi awa anatha mphamvu mu 2016. Mabatire awa akuchucha. Botolo la Sobo ili muli mankhwala opopera tomato, ndipo mwaliika pafupi ndi mchere, pomwe ana a kwa aneba amalowa muno tsiku ndi tsiku. Nanga makapu agalasi a m'kabati awa, amene sindinaonepo munthu akumwera, akudikira mlendo wake uti? Papa anabwera ku Malawi mu 1989, kuno sanafike. Dzana munafunafuna khadi lanu la kuchipatala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa paliwombo, ine ndalipeza m'chitini cha misomali. Kusunga kwake n'kumeneku?"

"Makapuwo usawatchule, anandigulira ndi mayi ako ndi malipiro awo oyamba. Koma makoswewo ayi, sindinawaitane. Ndipo khadilo ndimadziwa kuti lili m'chitini, chimene ndinaiwala n'chakuti chitini chake chiti."

Apa mdzukulu wanena zoona, ndipo amene angateteze agogo pa chilichonse ndi wokonda mwambo kuposa agogowo. M'badwo umene unaona njala ya 1949 uli ana, n'kudzaonanso ya 2002 uli ndi zidzukulu, unaphunzira kuti chakudza sichiimba ng'oma, ndipo mantha amenewo sadziwa polekezera: dzanja limene linazolowera kusataya chigubu limakananso kutaya batire lochucha. Komabe taonani kuti zonse zimene Tadala watchula sizikutsutsidwa ndi funso la chimwemwe. Mankhwala a tomato achoke pafupi ndi mchere chifukwa angaphe mwana, matayala akhuthulidwe chifukwa udzudzu umaswana m'madzi odikha. Makapu agalasi, amene alibe ntchito ina iliyonse, ndi amene angapambane mayeso a Kondo mosavuta. Chimene Tadala wapeza mosadziwa ndi funso lina, loyenera nyumba imeneyi: chinthu ichi adzachifuna ndani, ndipo tsiku limenelo adzachipeza chili bwino? Bulangete lodyedwa ndi makoswe silinasungidwe, langotayidwa m'nyumba momwemo. Khadi losapezeka pa tsiku la sikelo ndi chimodzimodzi lotayika. Chigubu chachisanu chili ndi mwini wake wodziwika, koma cha nambala 23 chikudikira munthu amene ali kale tsidya la msewu, akutunga madzi m'ndowa yodontha, ndipo kuchipereka kwa iye ndi kusunga komwe, monga mbale za penti yofiira zija. Wina angati funsoli silichepetsa katundu mokwanira, nyumba idzakhalabe yodzaza. Inde idzakhalabe yodzaza, chifukwa nyumba ya agogo kumudzi ndi nkhokwe ya banja lonse, ndipo nkhokwe saiyamikira chifukwa chokhala ndi malo ambiri opanda kanthu.

Dzuwa likupendeka, afika pa thiranki lachitsulo. Tadala wasonkha kale moto pambali, ndipo m'manja mwake muli mulu wa mapepala achikasu: makhadi a chipani a nthawi ya Kamuzu, malisiti a msonkho, makalata ochokera ku Joni.

"Awa ndiye palibe mkangano, agogo, ndi a pamoto. Makhadi a chipani mukuopa kuti akufunsani pamsika? Zinatha kalekale zimenezo. Nanga ili... dikirani. Agogo aamuna anagwirapo ntchito ku mgodi wa golide? Apa pali nambala yawo, dzina la mgodi, ndi zaka zake."

"Anapita ndi Wenela kawiri. Anabwerako mu 1974, chaka chimene ndege inagwa ku Francistown n'kupha anyamata athu aja, Kamuzu n'kuletsa zopita ku Joni. Anabwera ndi thiranki limeneli, njinga, chipewa, ndi chifuwa chimene anatsokomola mpaka kumanda. Tsono ponya pamoto, sizikundisangalatsa."

Tadala saponya. Iye akudziwa zimene agogo ake sadziwa, kuti mu 2018 makampani a migodi ya golide ku South Africa anavomera kupereka marandi 5 biliyoni kwa anthu amene anadwala matenda a fumbi la m'mapapo ndi TB chifukwa cha ntchito ya pansi, kuti ndalamazo zimadzera ku bungwe la Tshiamiso Trust, kuti zimakhudza amene anagwira ntchito kuyambira mu 1965, a ku Malawi omwe, ndipo mabanja a omwalira nawonso angafunse. Pepala limodzi silitsimikiza kuti ndalama zibwera, pafunikanso umboni wa matendawo, koma banja lopanda nambala ya munthu wawo limayambira patali kwambiri. Pepalali lakhala zaka zoposa 50 chifukwa cha mayi amene sataya kanthu, ndipo likanakhala zaka zina 50 osathandiza munthu pakanapanda mtsikana wodziwa kuwerenga Chingerezi, yemwe anatsala pang'ono kuliwotcha. Sukulu ya Tadala ili ndi ntchito m'nyumba muno, ndipo ntchito yake ndi yosankha: mapepala ofunika m'jumbo limodzi louma, mankhwala oopsa pamwamba atalembedwa dzina, zakufa kudzala. Ngakhale Marie Kondo mwini wake anavomera mu 2023 kuti chibadwire mwana wake wachitatu, m'nyumba mwake simukhalanso mwadongosolo monga kale.

"Ndilijambule kaye pafoni kuti lisasowe. Aa, ikukana. Akuti yadzaza."

"Yadzaza chiyani, poti ndi yopyapyala ngati chikhatho?"

"Zithunzi, agogo. Zilipo 11,000. Zina ndi za chakudya, zina ndi za ine ndemwe, zina sindikudziwa n'komwe amene anatumiza. Ndimati ndidzafufuta ndikapeza mpata."

"Ehe! Khoswe wa patsindwi waulula wa padzala. Khala apo pamkeka, mkazi mnzanga, uzitsekula chimodzichimodzi, utsinzine, umvetsere mtima wako. Ine ndikukuthirira thobwa loti upite nalo ku Blantyre. Ndithira m'chigubu chimene unati nditaye chija, ndipo ukadzabwera pa Khirisimasi udzabwere nacho, ndachipaka penti kunsi."

Pamene Tadala akulimbana ndi foni, agogo atola mpukutu wa matumba akuda uja, omwe angogwirapo awiri okha. Ayesa kulimba kwake ndi chala, agwedeza mutu mokhutira, apinda bwinobwino, n'kukauika m'sutikesi, pamwamba pa matumba a feteleza.