Mwayi wa wosaka chuma pagombe n'kusachipeza

Madzi akaphwera pagombe la Blackpool kapena Bournemouth ku England, pamatulukira abambo aimvi, mahedifoni kumakutu, fosholo paphewa, akuyendetsa makina osakira zitsulo pamwamba pa mchenga ngati wosesa pabwalo la maliro. Anthu a m'tauni amawaseka chamumtima, koma pakamwa ulemu sutha. Aliyense wodutsa ndi galu wake amaima n'kufunsa ngati apezako kanthu, iwo n'kuyankha kuti palibe chenicheni, onse n'kusiyana okhutira. Yankholo kawirikawiri limakhala loona: m'thumba mumangokhala zitsekerero za mabotolo a mowa, timphete totsegulira zitini, makiyi a nyumba za eni ndi makobidi otayidwa ndi ogula ayisikilimu. Ine ndikuti abambowa ndi amwayi, ndipo mwayi wawo wagona pa kusapeza kanthuko.

Taonani zimene zimagwera wopeza. Lamulo la Treasure Act la 1996 limati wotola chuma chakale akanene pasanathe masiku 14 kwa coroner, mkulu yemwe ntchito yake ina ndi kufufuza imfa zokayikitsa. Kenaka akatswiri aunike, komiti iike mtengo, nyumba yosungiramo zakale isonkhe ndalama, mphoto igawidwe ndi mwini malo. Pa kugawanapo ndi pamene ulemu wa Angerezi umasomoka ulusi. Mu 2009 Terry Herbert anafukula golide wa Anglo-Saxon m'munda wa Fred Johnson ku Staffordshire, wa mapaundi oposa 3 miliyoni. Anagawana pakatimpakati, koma posakhalitsa anayamba kunenana m'manyuzipepala, nkhani yake umbombo. Laurence Egerton atapeza makobidi achiroma oposa 22,000 pafupi ndi Seaton mu 2013, anagona m'galimoto usiku utatu kulondera dzenje. Palibe amene anathawapo bedi lake chifukwa cha chitsekerero cha botolo.

Wina anena kuti chuma sichidanitsa onse, natchula Eric Lawes wa ku Hoxne, amene mu 1992 anapeza golide ndi siliva wachiroma, nalandira mapaundi 1.75 miliyoni, nagawana mwamtendere ndi mnzake amene anali mlimi. N'zoona, koma Lawes sanapite kukasaka chuma. Ankafunafuna hamala yomwe mnzakeyo anataya, ndipo hamalayo inapezekadi, lero ili ku British Museum pamodzi ndi golideyo. Komanso zonsezi zinachitikira m'minda. Gombe limasunga anthu ake ku mayesero otere, ndipo likati liwapatse khobidi lochokera m'sitima yomira, limawatumiza ku ofesi inanso, ya Receiver of Wreck, akadzaze mafomu mpaka chimwemwe chizizire.

Nanga si kuwononga ndalama, kugula makina a mapaundi mazanamazana kuti utole zinyalala? Ofunsa choncho awerengenso opindula. Khonsolo yapeza wosesa wosalandira malipiro, wodzigulira yekha zipangizo, wokwirira maenje ake asanachoke. Mayi kunyumba apumako tsiku lonse Loweruka. Ndiye pali mnyamata amene m'mawa ankagwedeza mutu ndi kutsinya diso kwa mkazi wake pomuona mkulu wa makinayo. Madzulo mphete yaukwati ikavuka posambira, mnyamata yemweyo amathamanga gombe lonse wopanda nsapato, akuitana bambo wa mahedifoni mwaulemu woposa wa kwa apongozi, mkazi wake ali pambuyo, manja m'chiuno.