Ulemu upite kwa galayinda wa aneba

Amene ankakonza mzinda wa Blantyre anali anthu adongosolo. Mafakitale anawakankhira ku Makata, ku Chirimba ndi ku Ginnery Corner. Ngakhale Carlsberg, itabwera mu 1968 kudzamanga fakitale yake yoyamba ya mowa kunja kwa Denmark, sinayerekeze kudzasokosera ku Nkolokosa. Kuno kunali kogona: nyumba za Malawi Housing Corporation zondondozana bwinobwino, kuti munthu akaweruka adye nsima, atambasule miyendo. Koma adongosolowo sanawadziwe aneba anga, amisiri owotcherera zitsulo, amene anatsegula fakitale yawo pansi pa mtengo wa mango, mapazi khumi kuchokera pawindo langa.

Ine ntchito ndimagwirira m'nyumba. Abwana anga ali ku London, chanza sitinagwiranepo, timangoonerana pa Zoom. Ndiye lero ndaimirira kuti ndithokoze mnzanga wapantchito amene sajomba, sadwala malungo, sapempha tchuthi: galayinda wa aneba.

Inu a galayinda, ndinu wotchi yanga. Kale magetsi akabwera tinkamvera kwa ana, onse pamodzi kukuwa kuti "Ayaka!" Masiku ano anawo mwawalanda ntchito. Babu lisanaphethire n'komwe, inu mwayamba kale: nyiiiiii! Mawu anu amalowera kukhutu, n'kukatulukira kudzino lobooka. Ndikangowamva ndimadzambatuka, kuthamangira laputopu, kulumikiza foni, kutereka ketulo. Ndani winanso amene amandiuza zoona chotere?

Pajatu ine ndi inu timayamwa bere limodzi. Magetsi akakhalapo ndiye kuti ndingathe kugwira ntchito, koma sindimva chilichonse. Akazima kumakhala zii, mpaka kumva njiwa zikulira cha kuphiri la Soche, koma pamenepo laputopu yafa. Bata ndi magetsi sizinakumanepo m'nyumba mwanga, zimasinthana ngati alonda. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Ine ndinalira magetsi.

Ndimakumbukira 2022, namondwe Ana atawononga ku Kapichira m'mwezi wa Januwale, dziko n'kutaya mphamvu pafupifupi mamegawati 130. Chaka chimenecho Nkolokosa anali wachete ngati kumanda. Amisiri ankangokhala pabenchi, magalasi akuda ali pachipumi, akusewera bawo ndi wowathandizira. Ine ndinkangoyang'ana batire likutsika ngati madzi a mumgolo mwezi wa Okutobala. Kunena zoona a galayinda, ndinakusowani. Mukalira pakati pausiku, pamene magetsi ankabwera mozemba ngati chibwenzi chobisa, ndinkadzuka ndi chimwemwe, ndipo tonse awiri tinkagwira ntchito mpaka tambala woyamba.

Chimene ndimakutamandirani koposa ndi luso lanu lodziwa nthawi. Mungathe kupuma m'mawa wonse, amisiri akungoyeza ndi kulemba ndi choko. Koma ikakwana 9 koloko ku London, kuno ili 11 kapena 10 malinga ndi nyengo yawo, abwana n'kunena kuti tsopano timve kwa mnzathu wa ku Malawi, pomwepo ndi pamene mumakumana ndi chitsulo cha geti. Ndimatsegula pakamwa, azungu n'kumva inu. Tsiku lina mayi wina wa ku ofesiko anafunsa mwaulemu ngati kwathu kuli mbalame yaikulu. Ndinavomera. Ndikanatani? Kuyambira pamenepo malipoti anga amakhala aafupi, mafunso ovuta sandifunsanso, ndipo ena amandiyamika kuti sindichulutsa gaga m'diwa. Mbiri yabwino imeneyi mwandipatsa ndinu.

Komabe tisanamizane. Mutu umandiwawa. Bandulo ndimagula ndi ndalama zanga, n'kuthera kubwereza mawu amodzimodzi katatu. Makina owotcherera akangogunda chitsulo, babu langa limagwada, ndipo mayunitsi anga amaoneka ngati akuthawa ndi mantha. Zovala pachingwe zimanunkha utsi wa zitsulo. Fumbi lakuda lija lili pawindo, lili pamabuku, mwina lilinso m'tiyi. Tsiku lina kunabwera abwana ena a tayi ndi faelo m'khwapa, akuti kudzaona ngati malo ano ndi ololedwa kuchitirapo ntchito zotere. Mtima wanga unati myaa. Anazungulira mtengo wa mango kawiri, analankhula motsitsa mawu, kenako ndinawaona akukwera kabaza atanyamula mbaula yatsopano. Faelo ija sinatsegulidwe.

Aneba enawo ndiye musanene. Kwa iwo, amisiri ndiwo munthu wantchito, poti ntchito yawo imamveka mpaka ku Zingwangwa. Ine amene ndimakhala m'nyumba tsiku lonse nditavala shati yosita kumtunda, kabudula kumunsi, ndine lova waulemu wake. "Achimwene, poti muli pompano, madzi akabwera munditungireko." "Ankolo, mvula ikayamba mundianulireko zovala." Mayi a kuseri amandisiyira makiyi, mwana, ndi nyemba zili pamoto. Ndikati ndili pamsonkhano, amasuzumira pawindo, n'kuona munthu akulankhula yekha ndi kompyuta, n'kupukusa mutu mwachisoni. Ndamva kuti dzina langa linatchulidwapo kumapemphero a amayi a Lachinayi.

Nanga ndisamuke? Ndipite kuti, ku Namiwawa kapena ku Nyambadwe kumene lendi yake ingandidye ndi mafupa omwe? Kumenekonso geti lililonse lalitali, chitsulo chilichonse chotchinga windo, chinabadwira pansi pa mtengo ngati uno. Bata limene amagonamo a m'mipanda aja linasulidwa kuno, phokoso lake n'kutisiyira ife. Ngakhale tebulo limene ndaikapo laputopu iyi anandiwotcherera ndi amisiri omwewa, pamtengo wachibale, ndipo siligwedera.

Dzulo ndinalimba mtima kuti ndikawadandaulire. Ndisanatuluke n'komwe, ndinamva "Odi!" pakhomo. Anali amisiri, magalasi ali pachipumi, manja ali kumbuyo.

"Pepanitu achimwene, musandimve molakwa," anatero. "Koma mukamalankhula ndi azungu anu aja, muzitsitsako mawu. Mumakuwa kwambiri. Dzana ndinalakwitsa muyezo wa chitseko chifukwa cha Chingerezi chanu."

Ndinapepesa. Iwo anandikhululukira, n'kupempha kuti awatchajireko foni.