Ulemu Upite kwa Waya Waminga

Tikamatchula anthu amene anasintha dziko timathamangira kwa opanga ndege, wailesi ndi katemera. Waya waminga, amene wang'amba mathalauza ambiri kuposa agalu onse olusa, palibe amamuimbira nthungululu. Kumeneku n'kusayamika.

Bambo wake ndi Joseph Glidden, mlimi wa ku DeKalb, m'chigawo cha Illinois ku America. Mu 1873 anapita ku chionetsero cha zaulimi kumene Henry Rose ankaonetsa kathabwa kokhomedwa zitsulo zosongoka, koti kaziikidwa pa mpanda kuti ng'ombe zisamatsamirepo. Atabwerera kwawo, akuti anatenga kachigayo ka khofi ka kukhitchini n'kuyamba kupindira tizidutswa ta waya. Nzeru yake inali yochepa koma yoluma. Minga ikakulungidwa pa waya mmodzi imatsetsereka n'kukaunjikana mbali imodzi, choncho iye anapotera waya wachiwiri pa woyambayo kuti munga uliwonse ukhale pomwe auika. Basi, luso lonse ndi lomwelo. Pa 24 November 1874 boma linamupatsa patenti nambala 157,124, chikalata chotsimikiza kuti nzeruyo ndi yake.

Ena anali atayesapo kale, monga Lucien Smith mu 1867 ndi Michael Kelly mu 1868, ndipo mnansi wa Glidden, Jacob Haish, ankalumbira kuti mwana ndi wake. Milandu inavuta zaka ndi zaka, mpaka khoti lalikulu la dzikolo linagamula mu 1892 kuti Glidden ndiye mwini, patentiyo itatha kale mphamvu. Ndi chida china chiti chimene chinayamba kukanganitsa anthu chisanamangidwe n'komwe pa mtengo?

Zigwa za pakati pa America zinalibe mitengo. Lamulo la mu 1862 linkapatsa munthu maekala 160 aulere, koma mpanda ukanachokera kuti? Matabwa anali odula, mpanda wobzala unkatenga zaka kuti ukule, waya wosalala ng'ombe zinkangoukankha n'kudutsa. Waya waminga anabwera wopepuka, wotchipa, mphepo ikudutsa mwa iye osamugwetsa. Mu 1876 wamalonda John Gates anamanga khola la wayayu pakati pa mzinda wa San Antonio n'kulowetsamo ng'ombe zanyanga zitalizitali za ku Texas. Zinathamangira mpanda, zinabaidwa, zinabwerera, kenaka zinaima phee pakati. Aphunzitsi amatha chaka chathunthu akubwereza phunziro limodzi. Uyu amaphunzitsa kamodzi, mkalasi mwake mulibe wobwereza.

Chimene ndimamulemekezera kwambiri n'chakuti alibe miseche. Safunsa kuti malo ndi a yani, anawapeza bwanji, kale ankadyetsapo ziweto ndani. Wamumanga ndiye bwana wake. Ku Texas eni ng'ombe olemera anatchinga naye malo aboma, madziwe, ngakhale njira zopita kusukulu ndi kutchalitchi, iye osanyinyirika. Chilala cha mu 1883 chitafika, amphawi amene ziweto zawo zinkafa ndi ludzu madzi akuwaona kuseri kwa mpanda anayamba kumudula usiku. Boma silinachedwe: mu 1884 kudula mpanda kunakhala mlandu waukulu wopita nawo kundende. Ndani wa ife amene akapwetekedwa nyumba ya malamulo imakumana mwadzidzidzi? M'nyengo yozizira koopsa ya 1885 mpaka 1886, ng'ombe zothawira kumwera zinafika pa mipanda yaitali, zinaunjikana pomwepo n'kufa miyandamiyanda. Wayayo sanasunthe. Anauzidwa kuti pasadutse kanthu, ndipo sipanadutse kanthu.

Wantchito wotere sachedwa kukwezedwa. Anamuchotsa kubusa n'kumupatsa anthu. Pa nkhondo ya ku South Africa ya 1899 mpaka 1902, asilikali a Britain anamanga tinyumba ta alonda pafupifupi 8,000 n'kutilumikiza ndi waya waminga, ndipo pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse anayalidwa kutsogolo kwa ngalande za asilikali ku France ndi ku Belgium, achinyamata n'kumakodwa mmenemo mfuti zikulira. Apa ndiye manja anga akulemera kuomba, koma kunena zoona iye sanasinthe khalidwe. Zimene ankachita kwa ng'ombe ndi zomwezo anachita kwa ana a anthu, mosakondera.

Masiku ano ndi nkhalamba yolemekezeka. Ku La Crosse, m'chigawo cha Kansas, ali ndi nyumba yakeyake yosungiramo mitundu yake yoposa 2,000, ndipo anthu amachoka kutali kukaona. Kuno kwathu mdzukulu wake wamalezala wadzipinda pamwamba pa mipanda ya njerwa ku Namiwawa ndi ku Area 47, pamene kale pankakhala mabotolo oswa. Sagona, saledzera, sapangana ndi akuba. Mwini nyumba akataya kiyi wa geti n'kuyesa kukwera mpanda pakati pa usiku, amamulandira ngati mlendo wina aliyense.

Kumudzi nako amagwira ganyu yomwe Glidden sanailembe m'chikalata chake. Amayi akachapa amangoponya malaya pa waya wa dimba, minga n'kugwira, mapegisi osafunika, kaya kukhale mphepo ya Ogasiti. Malayawo amachoka ndi timabowo tiwiri paphewa. Kwa wantchito amene sanapemphepo ngakhale ya sopo, malipiro amenewo si ambiri.